Maliro N'kulirana

Kumayambiriro kwa chaka cha 2021, pamene matenda a COVID-19 anafika pachimake m'dziko la Malawi, m'boma la Mchinji munachitika chinthu chimene mbiri yake inamveka kutali. Ogwira ntchito ya chipatala ananyamula thupi la munthu amene anamwalira ndi matendawa, napita nalo kumudzi kuti akaliike m'manda motsata malamulo a masiku amenewo. Anthu a kumudziko sanawalandire. Anagenda galimoto ya chipatala ndi miyala, pakuti iwo anafuna kuti mbale wawo aikidwe mwa mwambo, abale ataona nkhope yake. Zonga zomwezi zinachitikanso m'boma la Machinga.

Patapita zaka ziwiri, m'mwezi wa Febuluwale 2023, pa nthawi ya mliri wa kolera, anthu okwiya anaononga katundu pa chipatala cha Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndi pa chipatala cha Nandumbo m'boma la Balaka. Uku ndi uko gwero lake linali limodzi: anthu anasiya kukhulupirira iwo amene anatumidwa kudzawathandiza.

N'chapafupi kunena kuti anthu a m'midzi ndi osadziwa, ndi kuti mankhwala ake ndi apolisi. N'chapafupinso kwa anthu a m'midzi kunena kuti azachipatala alibe mtima, ndi kuti imfa kwa iwo yasanduka malonda. Mawu onsewa amatuluka m'kamwa mwa anthu amene sanakhalepo pansi ndi kufunsa chimene mnzawo akuopa. Kugenda galimoto yonyamula odwala ndi mlandu, ndipo palibe chifukwa chimene chingauyeretse. Koma kulanga olakwa kokha sikuletsa mwala wina kuponyedwa pa maliro a mawa. Chimene chimauletsa ndi luso limene ambiri amaliyesa laling'ono, ndilo luso lodziika m'malo mwa munthu wina kufikira nkhani itaoneka monga momwe iye akuionera. Pa ntchito yoteteza matenda, luso limeneli n'lofunika monga momwe alili sopo ndi klorini.

CHISONI CHOKHA SICHIKWANIRA

Pali kusiyana pakati pa kumvera munthu chisoni ndi kudziika m'malo mwake. Womva chisoni amaimirira chapatali, napukusa mutu, nati, "Mnzathuyu wavutika," kenaka amapitiriza ulendo wake. Wodziika m'malo mwa mnzake amadzifunsa mafunso atatu. Kodi munthuyu waona chiyani? Kodi akuopa chiyani? Kodi akufuna kuteteza chiyani? Iye saleka kufunsa ndi kumvetsera kufikira atatha kufotokoza maganizo a mnzakeyo bwino lomwe, kotero kuti mwini wake avomereze kuti, "Inde, ndi zimenezo."

Nzeru imeneyi sinabwere ndi sukulu kapena chipatala. Makolo anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anatinso maliro n'kulirana. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wopita kukakhuza maliro a mnzake amapita podziwa kuti tsiku lina iye ndiye adzakhale pamphasa ya namfedwa. Tsono pa maliro a matenda opatsirana pamakumana anthu awiri amene aliyense wa iwo ali ndi mantha ake: namfedwa ndi wazaumoyo. Ndi bwino kuona nkhaniyi ndi maso a aliyense payekha.

ZIMENE NAMFEDWA AMAONA

Banja limanyamula wodwala panjinga kupita naye ku chipatala akulankhula. Kumeneko amalowetsedwa m'hema momwe abale saloledwa kufika. Patapita tsiku limodzi kapena awiri, uthenga umabwera wakuti watisiya. Thupi limafika pamudzi lili m'thumba lotseka, litanyamulidwa ndi alendo ovala zobisa nkhope. Adzukulu, amene ntchito yawo kuyambira kale ndiyo kukonza thupi ndi kukumba manda, amauzidwa kuti apatuke. Mwinimbumba safunsidwa kanthu. Palibe kugona pasiwa, palibe kuona nkhope, ndipo zonse zimatha dzuwa lisanapendeke.

M'mtima mwa namfedwa mumabuka mafunso amene palibe womuyankha. Kodi m'thumbamo mulidi mbale wake? Kodi thupi lili lonse? Nanga n'chifukwa chiyani akubisa? Mafunso otere si a munthu wopusa. Ndi a munthu amene wauzidwa kuti akhulupirire chinthu chimene sanaloledwe kuchiona. Pamene akuluakulu a chipatala akhala chete, manong'onong'o ndiwo amalankhula, ndipo dziko lino likudziwa kumene manong'onong'o amafikitsa anthu. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'madera ena a kum'mwera.

M'boma la Mchinji muli vuto linanso. Bomali, limene m'kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu opitirira 600,000, lili m'malire a Zambia ndi Mozambique, ndipo malirewo anadutsa pakati pa mabanja. Munthu wa kwa Mkanda kapena kwa Mlonyeni angathe kukhala ndi mlongo wake ku Chipata, atsibweni ake ku Vubwi, ndi mwana wake ku Tete. Maliro akafulumizidwa, abale amenewa amafika n'kupeza mtumbira. Wotsala pamudzi ndiye amasenza chitonzo cha moyo wonse, chakuti analola mbale wawo kutayidwa ngati wopanda mwini. Wazaumoyo amene sazindikira kulemera kwa chitonzo chimenechi sadzamvetsa chifukwa chimene bambo wofatsa, amene sanayambanepo ndi munthu, amatolera mwala.

ZIMENE WAZAUMOYO AMAONA

Nayenso wazaumoyo ali ndi zimene waona, zimene namfedwa sazidziwa. Kolera inalowa m'Malawi koyamba m'chaka cha 1973. Mliri waukulu koposa yonse ndi umene unayambira ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana, ndipo unafika m'maboma onse a dziko lino. Anthu pafupifupi 59,000 anadwala, ndipo opitirira 1,700 anamwalira. Izi zikutanthauza kuti mwa odwala 100 aliwonse, atatu anataya moyo, pamene odwala akafika msanga ku chipatala nalandira madzi a Thanzi kapena a m'botolo, womwalira sayenera kukwana ngakhale mmodzi mwa 100.

Tizilombo toyambitsa kolera timakhala m'chimbudzi ndi m'masanzi a wodwala, ndipo sitifa pa nthawi imene munthuyo wamwalira. Thupi limapitiriza kutulutsa madzi odzala ndi tizilomboti. Amene asambitsa thupi, amene achapa zofunda za womwalirayo, ndi amene akolopa pamene anagona, amatenga tizilomboti m'manja mwawo. Manja omwewo akagwira chikho cha mumtsuko, akagawa nsima, kapena akasamba m'beseni limodzi ndi anthu makumi awiri, matenda alowa m'khamu lonse. Anthu obwera kudzakhuza akabwerera kwawo, amapita nawo ku midzi yawo, ngakhale kutsidya kwa malire. Kolera ingathe kupha munthu wamphamvu m'maola ochepa chabe pomutha madzi m'thupi.

Ichi n'chifukwa chake thupi la womwalira ndi kolera limatsukidwa ndi madzi a klorini wamphamvu, wa magawo 2 pa 100, limatsekedwa m'kamwa, m'mphuno ndi kumusi ndi thonje loviika m'madzi omwewo, ndipo limaikidwa m'manda msanga, popanda phwando la chakudya. Wazaumoyo amene amaumirira malamulo amenewa amadziwa kuti maliro amodzi angathe kubala maliro ena sabata lisanathe. Iye ndi munthu wa mwazi ndi mnofu. Ali ndi ana kunyumba amene amaopa kuwatengera matenda. M'mwezi wa Januwale 2021 anaona anzake akudwala COVID-19, ndipo anamva monga wina aliyense kuti nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale. Zovala zake zobisa nkhope sizitanthauza kuti akunyansidwa ndi womwalirayo. Namfedwa amene aganizira zimenezi adzaona kuti m'kati mwa zovalazo muli mwana wa mnzake, wotopa ndi wamantha.

PHUNZIRO LA KUMADZULO KWA AFRICA

Mkangano wa pakati pa azaumoyo ndi anamfedwa si wa m'Malawi mokha, ndipo dziko lapansi linauphunzira mowawa pa mliri wa Ebola umene unagwa m'maiko a Guinea, Liberia ndi Sierra Leone kuyambira 2014 mpaka 2016, n'kupha anthu opitirira 11,000. Ebola imafala kwambiri pokhudza thupi la womwalira, ndipo bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti mwa odwala atsopano asanu aliwonse, mmodzi kapena kuposerapo ankatenga matendawa pa maliro.

Poyamba maboma anayesa mphamvu. Matupi ankatengedwa mokakamiza. Ku Monrovia, likulu la Liberia, boma linalamula m'mwezi wa Ogasiti 2014 kuti matupi azitenthedwa, chinthu chachilendo kwa anthu a kumeneko. Zotsatira zake zinali zakuti mabanja anayamba kubisa odwala m'nyumba ndi kuika maliro usiku mwamseri, ndipo matenda anapeza njira. Ku Womey, m'dziko la Guinea, anthu asanu ndi atatu a gulu limene linapita kukaphunzitsa za Ebola anaphedwa m'mwezi wa Seputembala 2014.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho WHO, itakambirana ndi atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu, inatulutsa malangizo atsopano a kaikidwe ka maliro kotetezeka ndi kolemekezeka. Malangizowo anati gulu loika maliro likafika pamudzi liyambe lapereka moni ndi kupepesa, limvetsere zofuna za banja, ndipo lisagwire thupi banjalo lisanavomere. Abale analoledwa kuonerera ali chapatali, kupemphera, kupereka nsalu kapena kanthu kena koika m'bokosi, ndi kuponya dothi loyamba m'manda. Manda anayenera kuikidwa chizindikiro kuti abale adziwe pamene pagona mbale wawo. Lamulo losakhudza thupi silinasinthe ngakhale pang'ono. Chimene chinasintha ndi mmene banja linkaonedwera. Magulu a Red Cross anaika maliro opitirira 47,000 m'maiko atatuwo, ndipo kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2017 anapeza kuti ntchito yawo inapewetsa anthu pakati pa 1,400 ndi 10,000 kutenga matendawa.

Pa nkhani ya COVID-19, malangizo amene WHO inatulutsa m'mwezi wa Malichi 2020 ananena poyera kuti abale angathe kuona nkhope ya womwalirayo thupi likakonzedwa, malinga ngati salikhudza kapena kulipsompsona. Choopsa chachikulu pa maliro a matenda amenewa chinali kuthithikana kwa anthu amoyo. Motero chinthu chimene mabanja ambiri ankalirira, ndicho kuona nkhope, chinali chotheka kuchikonza mwanzeru pakanakhala kukambirana.

KUMVETSA SI KUGONJA

Alipo ena amene amati pa nthawi ya mliri palibe mpata wokhala pansi ndi kumvetsera madandaulo a banja lililonse. Amati wazaumoyo akayamba kufewa, anthu adzamukwera pamutu, ndipo malamulo adzatha mphamvu. Mawu awa ali ndi choona chake. Tizilombo ta kolera sitimva kupepesa. Banja likapempha kusambitsa thupi ndi manja, kapena kuligoneka pasiwa masiku awiri podikira abale a ku Zambia, yankho liyenera kukhala lakuti ayi, ngakhale misozi ichuluke chotani.

Koma kumvetsa munthu si kumuvomereza zonse. Kumvetsa kumathandiza wazaumoyo kulekanitsa zinthu zimene sizingasinthe ndi zimene zingasinthe popanda ngozi. Kusambitsa thupi sikungaloledwe, koma anthu awiri kapena atatu a m'banja angathe kuona nkhope ataima chapatali. Phwando silingaloledwe, koma pemphero ndi nyimbo siziopsa munthu. Adzukulu sangagwire thupi ndi manja opanda chotetezera, koma angathe kukumba manda ndi kukwirira monga mwa mwambo. Abale akutali sangadikiridwe, koma banja lingathe kukonza tsiku lina la mwambo wokumbukira mliri ukatha. Wazaumoyo amene sanafunse sadziwa kuti chimene banja likulirira kwenikweni n'chiti, motero amakana zonse pamodzi, zoopsa ndi zosaopsa zomwe.

Kunena za nthawi, theka la ola lokambirana pakhonde la mfumu n'lalifupi poyerekeza ndi tsiku lathunthu lobwerera ndi thupi ku chipatala, galimoto itaswedwa magalasi. Ndiponso mudzi umene wachitidwa chipongwe pa maliro amodzi sudzabweretsanso wodwala wachiwiri ku chipatala. Udzamubisa, ndipo adzafera m'nyumba momwe palibe klorini.

UMBONI WA KU MCHINJI KONKUNO

Wina angayese kuti kumvetserana ndi nkhani ya ulemu chabe, yopanda phindu looneka ndi maso. Boma la Mchinji lili ndi umboni wake wotsutsa ganizo limeneli. Kuno n'kumene kunachitikira ntchito ya MaiMwana, imene inayendetsedwa mogwirizana ndi madokotala a m'Malawi ndi a sukulu ya University College London. Alangizi 24 ankatsogolera magulu a amayi m'midzi. Ntchito yawo sinali kulalikira. Ankafunsa amayiwo kuti atchule okha mavuto amene amakumana nawo pa uchembere ndi pa kulera makanda, asankhe okha vuto lalikulu, apeze okha njira yolithetsera, ndipo pambuyo pake aone ngati njirayo yathandiza. Kuonjezera apo, amayi 72 odzipereka anaphunzitsidwa kuyendera anzawo oyembekezera ndi oyamwitsa m'makomo mwawo, kukhala nawo pamphasa ndi kuwalangiza monga mayi mnzawo.

Ofufuza anatsatira kubadwa kwa ana opitirira 26,000 kuyambira 2005 mpaka 2009, ndipo zotsatira zinafalitsidwa m'chaka cha 2013 m'magazini ya madokotala ya The Lancet. M'madera momwe munali magulu a amayi okha, imfa za makanda osakwana mwezi umodzi zinatsika ndi magawo 41 pa 100 ntchitoyo itakhazikika. M'madera momwe munali amayi oyendera anzawo okha, imfa za ana osakwana chaka zinatsika ndi magawo 36 pa 100. Palibe mankhwala atsopano amene anagawidwa. Amayi amene kale ankangouzidwa zochita anapeza anthu owamvetsera, ndipo ana ambiri amene akanafa ali moyo lero.

LUSO LOPHUNZIRIKA

Kudziika m'malo mwa munthu wina si mphatso yobadwa nayo anthu ochepa. Ndi luso limene limakula polichita, monga kulima kapena kuumba mbiya. Njira zake n'zodziwika.

Choyamba, munthu akhale pansi. Woimirira pamene mnzake wakhala amaoneka ngati woweruza. Wazaumoyo wofika pamudzi wa maliro ayambe kwa mfumu, avule chobisa nkhope ali chapatali kuti anthu aone kuti ndi ndani, ndipo mawu ake oyamba akhale akuti, "Pepani, akuluakulu, ndi zovuta zimene zakugwerani."

Chachiwiri, afunse asanauze. Funso lakuti, "Bambo, kodi chimene chikukuvutani kwambiri pa kaikidwe kameneka n'chiyani?" limatsekula khomo limene lamulo lokuwa limatseka.

Chachitatu, amvetsere mpaka mnzake atamaliza, osamudula pakamwa, ndiponso osakonzekera yankho m'mtima mnzake akali kulankhula.

Chachinayi, abwereze zimene wamva: "Ngati ndamva bwino, mayi, mukuopa kuti abale akadzafika adzati simunaone n'komwe amene munaika." Munthu akamva mantha ake akutchulidwa ndi pakamwa pa wina, mkwiyo wake umayamba kuzirala.

Chachisanu, afotokoze za kumbali yake moona mtima, osabisa kanthu ndi osaopseza, ndipo anene poyera chimene chingatheke ndi chimene sichingatheke, pamodzi ndi zifukwa zake.

Njira zimenezi si za pa maliro pokha. Pa chipatala chaching'ono mayi amafika ndi mwana amene wadwala malungo masiku atatu. Namwino angathe kumukalipira kuti, "Munali kuti masiku onsewa?" Angathenso kufunsa mawu omwewo mofatsa, ndipo adzamva kuti bambo wa mwanayo ali ku esiteti ya fodya, kuti panalibe ndalama ya kabaza, ndi kuti mayiyo anayenera kudikira chilolezo cha apongozi ake. Mayi wokalipiridwa amachedwa koposa ulendo wotsatira, pakuti tsopano akuopa zinthu ziwiri, matenda ndi namwino. Chimodzimodzinso, odwala amene akhala pamzere kuyambira m'mawa ayenera kuganizira kuti namwino amene wachedwa kutsekula chitseko mwina wachezera usiku wonse ndi mayi wobereka, ndipo palibe womulandira ntchito. Amene ali ndi dandaulo loona alipereke ku komiti ya chipatala kapena kwa mkulu wa pamalopo, momwe lingamveke ndi kukonzedwa.

M'banja namonso ndi momwemo. Ankhoswe odziwa ntchito yawo salola mwamuna ndi mkazi kulankhula nthawi imodzi. Amapatsa mpata mmodzi, nabwereza zimene wanena, kenaka napatsa mpata winayo. Kawirikawiri pofika pamapeto zimaoneka kuti mwamuna amene amakana zoti mkazi wake atenge njira yolera amaopa kusekedwa ndi anzake, ndipo mkazi amene amaumirira amaopa kufa pa uchembere wotsatira. Mantha akatchulidwa, nkhani imapeza poyambira. Apa mpofunika kuchenjeza kuti kumvetsa mnzako sikutanthauza kupirira kumenyedwa. Nkhanza ndi mlandu, ndipo wochitiridwa nkhanza ayenera kupita ku chipatala ndi ku polisi.

UDINDO WA ATSOGOLERI

Nthawi yabwino yomanga kumvana si tsiku la maliro, pamene mitima ili yotentha. Ndi nyengo ya chilimwe, mvula isanagwe ndipo kolera isanabuke. Mafumu a m'madera a Mavwere, Zulu, Dambe, Mduwa ndi ena onse angachite bwino kuitana pabwalo alangizi a zaumoyo, adzukulu, abusa, mashehe ndi akuluakulu a mwambo, kuti agwirizane pasadakhale mmene maliro a matenda opatsirana adzayendere m'mudzi mwawo: ndani adzaona nkhope m'malo mwa banja, ndani adzathira madzi osamba m'manja kuchokera m'chikho kuti anthu asasambe m'beseni limodzi, ndani adzatumiza uthenga kwa abale a kutsidya. Adzukulu akaphunzitsidwa kagwiritsidwe ntchito ka klorini ndi zovala zodzitetezera, thupi limakonzedwa ndi anthu amene banja likuwadziwa maina, ndipo kukayika kumachepa. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Nawo akuluakulu a zaumoyo ayenera kuphunzitsa antchito awo kulankhula ndi anamfedwa monga momwe amawaphunzitsira kusungunula klorini, ndiponso kupeza njira yoti abale azimva tsiku ndi tsiku mmene wodwala wawo alili m'hema. Banja limene lauzidwa dzulo kuti wodwala wafooka silidzidzimuka lero monga banja limene silinauzidwe kanthu.

Anthu a m'malire muno anaonetsa kale kuti mtima wotere ali nawo. Pamene nkhondo inakula m'dziko la Mozambique kuyambira m'chaka cha 1986, anthu othawa kwawo analowa m'Malawi mwaunyinji, kufikira anapitirira 1,000,000, pa nthawi imene eni dziko anali pafupifupi 8,000,000 okha. Mchinji ndi limodzi mwa maboma amene anawalandira. M'madera ambiri a m'chigawo chapakati alendowo anakhala m'midzi momwemo, natunga pa chitsime chimodzi ndi eni mudzi, kufikira pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndipo iwo atayamba kubwerera kwawo. Nkhuni zinachepa, minda inapanikizika, mikangano inalipo, komabe anthu osauka anagawana ndi osauka anzawo, chifukwa anatha kuganiza mmene zimakhalira kuthawa usiku ndi mwana kumbuyo.

Mtima umene unalandira mlendo wochokera ku Tete ndi womwewo umene ukufunika pakati pa mudzi ndi chipatala chake. Kolera idzabweranso ndi mvula ya chaka china, ndipo galimoto ya chipatala idzaimanso pakhomo la munthu. Tsiku limenelo wazaumoyo atsike, apite kwa mfumu, akhale pansi ndi kupepesa asanatsekule chitseko cha kumbuyo. Nawo eni mudzi amuyalire mphasa, amumvere mpaka amalize, pokumbukira kuti iyenso kwawo ali ndi manda a abale ake.